Wailesi za amateur pa mpikisano wa rally n'zowerengera galimoto, osati zochezera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya wailesi zing'onozing'ono zolankhulirana, makamaka za mtundu wa Baofeng, zomwe masiku ano zikugulitsidwa motchipa m'mashopu a zamagetsi ndi pa intaneti. Okonda masewero a galimoto amaonera pa YouTube mipikisano ya rally ya ku America, amaona anthu ali m'nkhalango wailesi ili m'manja, basi n'kuganiza kuti nkhani yake ndi kungogula, kuyatsa, n'kuyamba kulankhula. Ayi ndithu. Anthu aja ndi a wailesi za amateur, okonda luso la wailesi osati ofuna phindu: ali ndi ziphaso za boma, amadziwa frequency imene aloledwa, ndipo tsiku lawo limatha ali chete, akulemba manambala a galimoto papepala.

Kumene mchitidwewu unazika mizu kwambiri ndi ku United States ndi Canada. Mipikisano monga Susquehannock Trail Performance Rally ku Wellsboro ku Pennsylvania, Rally in the 100 Acre Wood ku Salem ku Missouri, Sno*Drift ku Michigan ndi Rally of the Tall Pines ku Bancroft ku Ontario imachitikira m'misewu ya m'nkhalango, malo ambiri foni ya m'manja siigwira netiweki. Okonza mipikisanoyi amadalira anthu a wailesi za amateur, omwe amabwera ndi zida zawozawo, mafuta awo, osalandira malipiro. Akasowa anthu okwanira a wailesi, chigawo cha mpikisano sichitsegulidwa.

Chifukwa chake chili m'kayendedwe ka rally. Galimoto sizinyamukira limodzi ngati pa bwalo lozungulira. Msewu umatsekedwa, chigawo chimodzi chimatha kukhala makilomita 10, 20 kapena kuposa apo, ndipo galimoto zimalowa imodziimodzi, motalikirana ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Palibe munthu amene amaona msewu wonse. Galimoto ikatsetserekera m'chigwa pakati pa mitengo, a poyambira amangoti ikuyenda, a pomalizira amangoti ikubwera, ndipo dalaivala wobwera pambuyo atha kudutsa osaona kanthu chifukwa cha fumbi. Pa 2 May 1986, Henri Toivonen ndi Sergio Cresto anapsera mu Lancia yawo pa Tour de Corse, pakona pomwe panalibe woyang'anira msewu pafupi. Malamulo a masiku ano a FIA, bungwe loyang'anira masewero a galimoto padziko lonse, amafuna kuti chigawo chilichonse chikhale ndi malo a wailesi pafupifupi pa makilomita 5 aliwonse. Malowo amadziwika ndi chikwangwani cha buluu chokhala ndi chizindikiro cha mphezi, ndipo china chachikasu chimaikidwa mamita 100 usanafike, kuti dalaivala adziwiretu.

Munthu wokhala pamalo otere ntchito yake ili ngati ya m'busa wowerenga ng'ombe polowa m'khola madzulo. Galimoto iliyonse ikadutsa amalemba nambala yake ndi nthawi. Wa poyambira amauza control, munthu amene akuyendetsa mauthenga onse a wailesi, manambala a galimoto zomwe zalowa, m'ndondomeko imene zalowera. Ngati wa pamalo achiwiri waona 14, 15, kenako 17, sadikira kuti aone ngati 16 ibwera. Amauza control pomwepo. Control amafunsa wa pamalo oyamba ngati 16 inadutsa, ndipo akavomera, ndiye kuti galimotoyo ili penapake m'makilomita 5 a pakati pa awiriwa, osati m'chigawo chonse. Kenako wa pomalizira amafunsa a galimoto 17 ngati aona panjira chikwangwani cha OK chosonyeza kuti a galimoto 16 ali bwino. Zonsezi zimafunika kutheka m'mphindi zochepa, ndipo sizingatheke ngati wina wagwira tchanelo akufunsa za chakudya chamasana.

Apa pali cholakwika chimodzi chomwe chimachitika kawirikawiri. Anthu atsopano amadalira ndandanda yosindikizidwa yomwe analandira m'mawa. Ndandanda ija imatha ntchito msanga, chifukwa galimoto zina zimafa panjira, zina zimachedwa ku sevesi, malo okonzerako galimoto, n'kulowa pambuyo. Amene akutsata pepala la m'mawa adzakuwa kuti galimoto yasowa pomwe sinalowe n'komwe, kapena, choopsa kwambiri, adzangoganiza kuti yosowayo ndi imodzi mwa zomwe zinasiya kale. Chodalirika ndi chimene wa poyambira akulengeza nthawi yomweyo.

Ngozi ikachitika, ndondomeko ya FIA imati a m'galimoto aike katirayango kofiira mamita osachepera 50 usanafike pa galimoto yawo, n'kuonetsa chikwangwani cha OK chobiriwira ngati ali bwino, kapena cha SOS chofiira ngati akufuna thandizo. Galimoto yoyamba kuona SOS imaima kuti ithandize. Yachiwiri imamva zomwe zachitika n'kupitirira kukanena pamalo a wailesi otsatira. Zotsalazo zimaima n'kusiya njira ya ambulansi. Choncho uthenga umafika kwa munthu wa wailesi kudzera kwa wowerenga njira, wokhala pambali pa dalaivala, amene mtima uli m'mwamba, akulankhula mothamanga. Wa wailesi ayenera kumukhazika pansi ndi mafunso okonzeratu: nambala ya galimoto, mtunda kuchokera poyambira kapena nambala ya malangizo m'buku la njira, ovulala ndi angati, ali m'galimoto kapena kunja, pali moto kapena ayi, msewu watsekeka kapena ayi, pali owonerera okhudzidwa kapena ayi. Alembe kaye, kenako atenge maikolofoni. Masekondi 20 olemba amapulumutsa mphindi zitatu za kubwerezabwereza.

Wa wailesi salamula chilichonse. Kuimitsa galimoto poyambira, kutulutsa mbendera yofiira yoimitsa mpikisano m'chigawo, kulowetsa ambulansi, zonsezi ndi za mkulu wa mpikisano, ndipo zimafika kudzera kwa control. Mbendera yofiira imaonetsedwa pamalo a wailesi pokha, ataloleza mkuluyo. Ambulansi imalowa kutsata kumene galimoto za mpikisano zikulowera, osati kukumana nazo. Ndipo wa wailesi sasiya malo ake kuthamangira ku ngozi, ngakhale mtima ufune bwanji, chifukwa akachoka ndiye kuti control wagontha mbali imeneyo pa nthawi imene akufuna kumva kwambiri.

Tsopano za malamulo, pomwe ambiri amapunthwa. Malamulo a wailesi a ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, amati ntchito ya amateur ndi ya anthu ololedwa omwe akuchita izi chifukwa chokonda luso la wailesi, popanda phindu la ndalama. Amaletsanso kubisa tanthauzo la uthenga, ndipo amafuna kuti wolankhula azitchula pafupipafupi callsign yake, zilembo ndi manambala zomuzindikiritsa zomwe amapatsidwa ndi chiphaso. Ku United States izi zili mu Part 97 ya malamulo a FCC, bungwe la boma loyang'anira wailesi kumeneko, ndipo callsign imatchulidwa mphindi 10 zilizonse za kulankhulana komanso pomaliza. Chiphaso choyambira, cha Technician, chimafuna mayeso a mafunso 35, ndipo munthu amakhoza akapeza 26. Si mayeso oopsa, koma popanda iwo sulankhula. Pa rally anthu amaitanana ndi mayina a ntchito, monga Start 4 kapena Radio 2, kuti control adziwe msanga malo amene akulankhula ngakhale anthu asinthane. Zimenezo n'zololedwa, koma sizichotsa udindo wotchula callsign yeniyeni pomaliza uthenga.

Mawu akuti popanda phindu la ndalama ndi amene amasiyanitsa uthenga wa chitetezo ndi uthenga wa timu. Kunena kuti galimoto 16 sinafike ndi kuthandiza anthu. Koma dalaivala wa timu yokhala ndi makampani oithandiza akamauza makaniko wolipidwa kuti akonzeretu matayala ena ndi giyabokosi, imeneyo ndi bizinesi, ndipo malo ake si pa frequency ya amateur, ngakhale onse awiri atakhala ndi ziphaso. Timu zotere zigule laisensi ya wailesi za bizinesi, kapena zigwiritse ntchito foni. Dalaivala wongodzisangalatsa amene ali ndi chiphaso atha kulankhula ndi mnzake wa chiphaso, koma achite zimenezo kutali ndi frequency ya chitetezo. Kuulutsa ndemanga za mpikisano kwa owonerera, kutchula makampani othandiza, kuimba nyimbo, zonsezi n'zoletsedwa pa amateur. Ndipo kupatsira maikolofoni munthu wopanda chiphaso n'kuchokapo ndi njira yachidule yotayira chiphaso chako.

Kuletsa kubisa uthenga kumabweretsa vuto lina lomwe liyenera kuganiziridwa mpikisano usanayambe. Chilichonse chonenedwa pa amateur aliyense atha kuchimva, kuphatikizapo akazi, amuna ndi ana a madalaivala omwe ali ku sevesi ndi wailesi zawo. Choncho pa wailesi sitchula dzina la wovulala, sitifotokoza mabala mwatsatanetsatane, ndipo mawu akuti wamwalira sanenedwa konse, chifukwa wa wailesi si dokotala. Timanena nambala ya galimoto, kuchuluka kwa ofuna thandizo ndi kufulumira kwake. Zina zonse zidutse pa foni kapena pamaso. Kupanga mawu achinsinsi oti ena asamve n'kuphwanya lamulo, koma kungosatchula zinthu zina sikuphwanya lamulo lililonse.

Ku Britain anasankha njira ina. Motorsport UK, bungwe la masewero a galimoto la kumeneko, ili ndi frequency yakeyake ya chitetezo ya pa 81 MHz, yosiyana ndi za amateur. Koma mawu awo oitanira ndi oyenera kutengera. Amayamba uthenga ndi Safety ngati galimoto yachedwa kapena owonerera aima poipa, Urgent ngati pakufunika kuchitapo kanthu nthawi yomweyo, Priority ngati zatsimikizika kuti pali wovulala, ndi Relevant ngati uli ndi mfundo yokhudza uthenga umene uli mkati. Control akangomva liwu loyambalo amadziwa amene ayambe kumuyankha, ndipo ena onse amakhala chete.

Ndibwerere ku kawailesi kotchipa kaja, chifukwa vuto lake ndi la masamu osavuta. Baofeng UV-5R imatha kutumiza mawu kuyambira 136 mpaka 174 MHz. M'chigawo choyamba cha ITU, momwe muli Africa ndi Europe, gawo la amateur pamenepa ndi 144 mpaka 146 MHz basi, pomwe ku America limafika 148. Ndiye kuti mwa 38 MHz zimenezi, 2 zokha ndi za amateur kuno. Zotsalazo ndi za eni ake: makampani, mabungwe a boma, ndi a pamadzi omwe 156.800 MHz ndi yoitanira thandizo akakhala pangozi. Matchanelo omwe wailesi imabwera nawo kuchokera ku fakitale ndi oyesera chabe, ambiri ali m'malo a anthu ena. Frequency ikakhala chete sizitanthauza kuti ilibe mwini. Amene ali nayo wailesi koma alibe chiphaso atha kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta ya CHIRP kutseka kutumiza pa tchanelo chilichonse, kuti batani likapanikizika mwangozi pasatuluke kanthu. Kwathu kuno wopereka chilolezo ndi MACRA, pansi pa lamulo la Communications Act la 2016, ndipo ma callsign a Malawi amayamba ndi 7Q. Ku Zambia, komwe kumachitika Zambia International Rally, ndi ZICTA ndi 9J, ndipo ku South Africa ndi ICASA, mayeso akuyendetsedwa ndi South African Radio League. Okonza mpikisano omwe alibe anthu a chiphaso okwanira alembere bungwe loyang'anira, apemphe frequency yovomerezeka, m'malo mobwereka ya amateur mozemba.

Pa zida, anthu amathamangira kufunsa za ma watt, pomwe nkhani yaikulu ndi kutalika kwa eriyo. Mafunde a 145 MHz amayenda pafupifupi molunjika, ndipo phiri likaima pakati, mphamvu yochuluka siithandiza kwenikweni. Pamalo athyathyathya, mtunda umene eriyo imafikira m'makilomita ndi pafupifupi 4.1 kuchulukitsa ndi square root ya kutalika kwake m'mamita. Eriyo ya pa mamita 1.5 imafika makilomita 5, ya pa mamita 6 imafika makilomita 10, ndipo mtunda wa mbali ziwirizo umaphatikizidwa. Choncho mlongoti wa mamita 6 wa mapaipi olumikiza, womangidwa ndi zingwe zitatu, umachita zambiri kuposa kuchoka pa ma watt 5 kupita pa 50. Nthawi zina kusuntha galimoto mamita 20 okha kukwera kamtunda kumasintha phokoso kukhala mawu omveka.

Wailesi ya m'manja ya ma watt 5 ndi kaeriyo kake ka rabala si yoti n'kuidalira pamalo a wailesi m'nkhalango, makamaka munthu akakhala m'galimoto, chifukwa chitsulo cha galimoto chimatchinga mafunde. Chofunika ndi wailesi ya m'galimoto ya ma watt 25 mpaka 50, ndi eriyo yakunja. Eriyo ya kota ya funde pa 145 MHz imatalika pafupifupi masentimita 50, ya 5/8 pafupifupi mamita 1.3. Ya 5/8 imakankhira mphamvu cham'mbali, choncho ndi yabwino kuchidikha, koma m'chigwa chakuya pomwe repeater, wailesi yobwereza mawu, ili pamwamba pa phiri, ya kota nthawi zambiri imachita bwino. Ya maginito iikidwe pakati pa denga lachitsulo, chifukwa dengalo ndi theka la eriyo. Pa kanopi ya fayiba kapena pa bampala siigwira ntchito bwino. Mita ya SWR, yoyeza ngati eriyo ikugwirizana bwino ndi wailesi, iyikidwe pakati pa wailesi ndi chingwe tsiku la mpikisano lisanafike. Pansi pa 1.5 zili bwino, kupitirira 2 wailesi zambiri zimayamba kudzichepetsera mphamvu, ndipo ikafika 3 funafunani pulagi yosawotcherera bwino kapena chingwe chomwe chinaphwanyika ndi chitseko.

Chingwe cha eriyo chimadya mphamvu mwakachetechete. RG-58, chowonda chija, chimataya pafupifupi 2 dB pa mamita 10 pa 145 MHz, ndipo 3 dB ndi theka la mphamvu. Ndiye kuti mamita 15 a chingwe chimenechi amameza theka la zomwe mukutumiza ndi theka la zomwe mukulandira. RG-213 imataya zosakwana 1 dB pa mamita 10 omwewo. Pa mlongoti, chonenepacho ndiye choyenera, ndipo polumikizira pakulungidwe ndi tepi kuti madzi a mvula asalowe, chifukwa chingwe chomwa madzi sichichira.

Za magetsi nazo zimagwetsa anthu. Wailesi ya ma watt 50 imakoka ma amp pafupifupi 11 potumiza, ndi osakwana 1 pomvetsera. Soketi yoyatsira ndudu ndi mawaya ake owonda sizinapangidwire zimenezo. Mphamvu imatsika, ndipo wailesi imazima n'kuyakanso pa nthawi yomwe mwapanikiza batani, chizindikiro chomwe ambiri amachiyesa kufa kwa wailesi. Tengani magetsi ku batire mwachindunji ndi waya wa 2.5 kapena 4 mm², fyuzi ya ma amp 15 ili pafupi ndi batire. Pa tsiku la maola 10, ngati ola limodzi lonse ndi lotumiza, mwadya ma amp-hour 11, kuphatikiza pafupifupi 6 a kumvetsera, pamodzi 17. Batire la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, choncho lifunika la 35 kapena 40 Ah, kapena la lithium la mtundu wa LiFePO4 la 20 Ah. Likhale lapadera, osati loyatsira galimoto, kuopa kugona m'nkhalango. Kuliza injini kuti batire lidzaze n'kotheka, koma osati galimoto itaima pa udzu wouma, chifukwa ekizozi yotentha imayatsa moto. Ndipo ngati ma watt 10 akufika bwino kwa control, palibe chifukwa chokhalira pa 50. Malamulo a FCC amanena kuti ugwiritse ntchito mphamvu yochepa yokwanira uthengawo, ndipo batire limayamika.

Pomwe mapiri achuluka pamafunika repeater, wailesi yoikidwa pamwamba yomwe imamva pa frequency imodzi n'kubwereza pa ina. Pa gawo la 145 MHz kusiyana kwake ndi 600 kHz: ukamamvetsera pa 145.700, umatumiza pa 145.100. Zambiri zimafunanso kamvekedwe kapansi ka CTCSS, monga 88.5 Hz, kuti zitseguke. Zolakwika zake n'zodziwika. Ukaiwala kuika kusiyana kuja, umalankhula pa frequency yotulukira, oyandikana nawe amakumva, iwe n'kuganiza kuti zonse zili bwino, koma control sakumva. Ukalakwitsa CTCSS, repeater siitseguka. Ukaika CTCSS yomvera pomwe repeater siitumiza kamvekedweko, nyale ya wailesi imayaka koma mawu satuluka. Ndipo wina akakhala pa FM yotambasuka pomwe anzake ali pa yopapatiza, mawu ake amang'ambika, awo n'kumveka otsika kwa iye. Mankhwala ake ndi amodzi: munthu m'modzi akonze ndandanda ya matchanelo, aliyense alowetse momwemo, ndipo iyesedwe munthu ali pamalo ake enieni, osati pabwalo la hotela pomwe wailesi iliyonse imamveka.

Repeater ili ndi mwini wake, nthawi zambiri kalabu yomwe imalipira magetsi ndi malo. Kuigwira tsiku lonse popanda kupempha ndi mwano. Pemphani kalabu masabata angapo mpikisano usanachitike, lengezani kwa ogwiritsa ntchito ena, ndipo dziwani kuti ngakhale zitatero palibe amene ali ndi frequency ya amateur ngati yakeyake. Wina akabwera ndi ngozi yake yosakhudzana ndi rally, apatsidwe mpata. Frequency yoitanirana, 145.500 MHz mbali ino ndi 146.520 ku America, si yoyendetserapo mpikisano. Pakhalenso frequency yachiwiri yolankhulana mwachindunji, yolembedwa papepala la aliyense, ndi lamulo lomveka bwino: repeater ikakhala chete kwa mphindi zakutizakuti, tonse tisamukire uko. Popanda kugwirizana kumeneku, repeater ikafa aliyense amayamba kusakasaka matchanelo payekha ndipo palibe amene amapeza mnzake. Kale pa Safari Rally ya ku Kenya, timu zazikulu zinkaulutsa ndege kuti ikhale yolumikiza mauthenga a wailesi, chifukwa mitunda inali yaitali kwambiri. Ndege ija inkagwira ntchito yomweyi ya mlongoti wautali.

Vuto loipitsitsa pa onse ndi maikolofoni yopanikizika. Munthu waikhalira pampando, kapena yagwera pakati pa mpando ndi handibuleki, batani n'kukhala lopanikizika. Wailesi yake ikutumiza, choncho sangamve anzake akumuchenjeza, ndipo tchanelo chonse chafa. Wailesi iliyonse ili ndi time-out timer: ikhazikitseni pa masekondi 60 kuti idule yokha. VOX, yomwe imatumiza ikangomva phokoso, izimitsidwe, chifukwa injini ya galimoto ya rally imaidzutsa. Maikolofoni ikhale ndi pokoleka pake. Ndipo mukaona kuti papita mphindi zisanu osamva liwu lililonse mpikisano uli mkati, yang'anani nyale ya wailesi yanu musanayambe kuda nkhawa ndi ena.

Kalankhulidwe kali ndi malamulo ake ochepa. Mvetserani kaye. Panikizani batani, dikirani sekondi imodzi kuti repeater itseguke, kenako lankhulani, apo ayi liwu loyamba limadulidwa ndipo 16 imamveka ngati 6. Manambala anenedwe imodziimodzi, wani sikisi, osati sikisitini yemwe amafanana ndi sikisite. Maikolofoni ikhale masentimita 5 kuchokera pakamwa, cham'mbali pang'ono, ndipo kukuwa sikuwonjezera mtunda, kumangong'amba mawu. Anthu awiri akalankhula nthawi imodzi pa FM, wamphamvu amaphimba mnzake kapena onse amasanduka mluzu, n'chifukwa chake aliyense amaitana control n'kudikira kuloledwa, osati kulankhulana okhaokha. Nenani zomwe mwaona ndi maso, ndipo zomwe mwangomva muzitchule kuti mwamva kwa ndani. Chomvera cha m'makutu n'chofunika, chifukwa galimoto ikamadutsa sipika siimveka, ndipo owonerera sayenera kumva zonse. Wailesi ziwiri zikaimikidwa moyandikana, imodzi ikamatumiza inzake imagontha ngakhale zili pa frequency zosiyana, ndipo zotchipa zija ndiye zimagontha msanga. Talikitsani ma eriyo mamita angapo, kapena imodzi ikhale pa 145 MHz ina pa 433 MHz.

Masiku ano galimoto zambiri za mpikisano zili ndi zida zolondolera monga RallySafe ya ku Australia, ndipo a amateur ena amaika APRS, chida chotumiza pa wailesi malo amene galimoto ili, pa galimoto zotsegula ndi zotseka msewu, pa 144.390 MHz ku America ndi 144.800 ku Europe. Ndi zothandiza, koma kadontho ka pa kompyuta sikanena ngati owonerera adzaza pakona, ngati ng'ombe zalowa mumsewu, kapena ngati njinga yamoto yadutsa tepi. Zimenezo zimafuna maso a munthu.

Munthuyo ayeneranso kudzisamala. Galimoto yake isaime kunja kwa kona, kapena m'njira yowongoka ya pamphambano yomwe dalaivala wolephera kukhota amathawiramo. Ikhale kutali ndi msewu, makamaka pamtunda kapena kuseri kwa mitengo ikuluikulu, poti n'kuona nambala ya pachitseko. Mlongoti uimikidwe patali ndi mawaya a magetsi, mtunda woposa kutalika kwake, ndipo mabingu akayamba utsitsidwe. Ana asagwire eriyo wailesi ikutumiza, chifukwa ma watt 50 amawotcha chala. Pamalo othirira mafuta wailesi isatumize.

Galimoto za mpikisano zisanayambe kulowa, mumsewu mumadutsa galimoto zoyendera msewu za 000, 00 ndi 0, ndipo iliyonse imalembedwa n'kunenedwa ngati ya mpikisano. Pomaliza pamabwera galimoto yotseka, ndipo apa m'pomwe otopa amalakwitsa. Kudutsa kwa galimoto imeneyi si chilolezo cholongedza. Mwina chigawo chibwerezedwa masana, mwina kuli galimoto yomwe yatulutsidwa m'dzenje ikubwera pambuyo. Wa wailesi amachoka control akamumasula potchula dzina la malo ake, amatuluka kutsata kumene mpikisano unkalowera, wailesi ili yoyaka mpaka atafika pa msewu waukulu, n'kunena kuti watuluka. Pepala lolembapo manambala lisatayidwe. Liperekedwe kwa control, chifukwa pakakhala ngozi yaikulu ofufuza amadalira nthawi zolembedwamo, n'chifukwa chake m'mawa, control akamayesa wailesi imodziimodzi, amatchulanso nthawi yovomerezeka ya mpikisano kuti mawotchi onse afanane mpaka pa sekondi.

Wowerenga wanu,
Lilongwe